Galu Wamkota Akatsala Wamasiye pa Doko la Kachulu

Pa doko la Kachulu, kugombe la kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, ntchito imayamba kusanache. Mabwato ochokera ku chilumba cha Chisi ndi ku zimbowera amakocheza atasenza matemba, milamba ndi makumba, ndipo ogula amakhala ali piringupiringu ndi madengu awo. Pakati pa khamulo nthawi zina pamaoneka galu wa imvi kukamwa, nthiti zili poyera, amene salimbirana mitu ya nsomba ndi anzake. Iye amangonunkhiza bwato lililonse lofika, nabwerera kukagona pansi pa thandala. Mlendo akafunsa za galuyo, yankho lake limakhala lalifupi: mwini wake adamwalira. Nkhani imathera pomwepo, ngati kuti imfa ya mbuye ndi chiweruzo cha galu.

Pamene pachitika maliro a msodzi, abale salephera kukhala pansi kuti aone za chuma chotsala. Bwato limapeza mwini, ukonde umapeza mwini, njinga, wailesi, mbuzi ndi nkhuku zomwe, zonse zimatchulidwa chimodzichimodzi. Nthawi zina mkangano umakula mpaka kufika kwa nyakwawa, ndipo nchifukwa chake Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limaletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana. Koma pa bwalo lonselo palibe amatchula galu, pakuti sagulitsika ndiponso sadyedwa. Apa mpamene pali cholakwa. Galu wokalamba ndi ngongole imene malemu asiya, ndipo mwambo umati wolandira chuma alandirenso ngongole. Tsono tsiku logawa katundu, galu ayenera kutchulidwira mwini watsopano pamaso pa mboni, monga momwe amachitira ndi bwato.

Ngongoleyi idachokera kuti? Msodzi wa ku Chilwa amatha masiku, nthawi zina masabata, ali pa chimbowera pakati pa mabango, kutali ndi kwao. Masiku onsewo pakhomo pamatsala mayi, ana ndi galu. Ndiye amalondera matemba oyanikidwa, ndiye amauwa usiku wakuba akayandikira khola, ndiye amaperekeza mayi kumunda wa mpunga mbandakucha. Ntchito yonseyi amaigwira kwa zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, malipiro ake nkukhala mkute ndi mitu ya milamba. Mlonda wolembedwa akadagwira ntchito yotere, palibe akadayerekeza kumthamangitsa chimanjamanja tsiku la maliro a bwana wake. Bwato limene abale akulimbirana lidagulidwa ndi ndalama za nsomba zimene galuyo adalondera.

Si imfa yokha imene imasandutsa galu wamasiye kuderali. Nyanja ya Chilwa njosaya ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Imadalira mvula ndi mitsinje yonga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato pa Kachulu adatsakamira m'matope ouma. Nyanja ikaphwa, asodzi ambiri amasamukira ku nyanja zina monga Malombe ndi Chiuta, ena nkupita kukafuna maganyu m'tauni. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 naye adasamutsa mabanja ochuluka m'chigawo cha kummwera. Pa misamuko yotere munthu amanyamula ana ndi ziwiya, galu natsala pabwinja. Kagalu kakang'ono kamapeza woleredwa naye msanga, chifukwa ana amakakonda ndipo akulu amati kadzaphunzira. Wamkota ndiye amasowa womfuna.

Ena amati galu amadzionera yekha, makamaka pamalo ochuluka nsomba ngati padoko. Mawu amenewa angakhale oona kwa galu wamphamvu, koma kwa wokalamba ndi bodza. Mano ake adatha, maso adachita khungu, miyendo yakumbuyo imauma m'mawa. Pa dzala agalu anzake amamluma, pa thandala amayi amamgenda, ndipo pamapeto pake njala imamsandutsa wakuba, iye amene adatha moyo wake akuthamangitsa akuba. Nkhupakupa, mphere ndi nyongolotsi zimamaliza zimene njala idayamba. Imfa yake imabwera pang'onopang'ono, pamaso pa ana a sukulu amene amaphunzira pomwepo kuti chinthu chikatha ntchito chimatayidwa.

Koma nkhaniyi si ya chisoni chokha, pakuti ikukhudzanso moyo wa anthu. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, limati matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa galu. Ambiri mwa iwo ndi ana. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, wodwala sachira. Njira yodziwika yothetsera mliriwu ndiyo kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera. Bungwe la Mission Rabies lidayamba ntchito yotere mu mzinda wa Blantyre mu 2015, pamene lidabaya agalu oposa 35,000, ndipo mu 2016 ntchitoyi idafika m'maboma a Zomba ndi Chiradzulu. Tsono katemera amafuna kuti pakhale munthu wogwira galu ndi kupita naye kwa obaya. Galu wopanda mwini alibe womgwira, ndipo akayamba kuopa anthu chifukwa cha miyala, ngakhale obaya amavutika kumpeza.

Pali mfundo ina imene ambiri saiganizira. Galu wokalamba amene mbuye wake ankamtengera ku katemera chaka ndi chaka ali ngati mpanda wozinga mudzi. Akalumidwa ndi galu wachiwewe wochokera kwina, matendawo kawirikawiri amathera pa iye. Akafa kapena akaphedwa, malo ake amatengedwa ndi tiagalu tatsopano tosabayidwa, timene ana amasewera nato tsiku lonse. Nchifukwa chake akatswiri amati kungopha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe. Mudzi wosunga galu wamkota wobayidwa ukudziteteza wokha.

Otsutsa ali ndi mawu awo, ndipo ngoyenera kuwamva. Woyamba amati: chaka cha njala, pamene ana akugona ndi phala la madeya, nkulakwa kuganiza za galu. Zoonadi, mwana ndiye woyamba, ndipo palibe munthu wanzeru angalande mwana mbale kuti apatse chiweto. Koma galu wokalamba sadya zambiri. Makoko a mumphika, madeya ophika ndi msuzi wa mitu ya nsomba zimamkwanira, ndipo padoko zimenezi ndi zotayidwa kale. Chimene chimasowa kawirikawiri si chakudya ayi, koma munthu wodziwa kuti udindo ngwake. Chiweto cha anthu onse chimagona ndi njala, popeza aliyense amayesa kuti mnzake wachidyetsa.

Wachiwiri amati galu wokalamba alibenso ntchito. Akale adayankha kale pamene adati galu wamkota sakandira pachabe. Kagalu kamauwa mwezi, mphepo ndi chitsa chomwe, mwini nyumba natopa kudzuka. Wamkota akauwa, pali chinthu. Amadziwa ana a pamudzi, sagwira nkhuku, satafuna ukonde, ndipo sayendayenda. Kwa gogo wokhala yekha, kapena mayi amene mwamuna wake amagona kunyanja, galu wotere ngwabwino kuposa kagalu kofuna kuphunzitsidwa chaka chathunthu.

Wachitatu amati galu sazolowera mbuye wachiwiri. Nkhani ya Hachiko wa ku Japan imanenedwa kawirikawiri pofuna kutsimikiza zimenezi. Mbuye wake, Profesa Hidesaburo Ueno, adamwalira mwadzidzidzi mu 1925, koma galuyo adapitiriza kupita pa siteshoni ya sitima ya Shibuya mu mzinda wa Tokyo kukamdikira kufikira imfa yake mu 1935. Anthu amayamika kukhulupirika kwakeko, koma amaiwala mbali ina ya nkhaniyi. Hachiko sakadatha zaka pafupifupi khumi akudikira pakadapanda munthu amene kale ankasamala maluwa pakhomo pa profesayo, yemwe adamlandira kwake, ndiponso anthu a pasiteshoni amene ankamgawira chakudya. Galu saiwala mbuye wake, koma kukumbukira sikumletsa kudya m'dzanja lachiwiri.

Nanga mwini watsopano asankhidwe bwanji? Galu amadziwa anthu ndi malo, choncho nzeru yoyamba ndiyo kusamchotsa pakhomo pamene adazolowera. M'midzi yambiri ya ku Zomba ukwati ngwa chikamwini: bambo akamwalira, mayi ndi ana amatsala pamudzi pawo, abale a malemu nabwerera kwao ndi gawo lawo. Pamenepo galu atsale ndi mayi, ngati mayiyo wavomera ndi mtima wonse, koma wotenga bwato ndi ukonde alonjeze pabwalo kuti azitumizako kangachepe. Ngati nyumba yatsekedwa, afunidwe munthu amene galuyo amamgwedezera mchira: mnzake wa malemu wa m'bwato limodzi, mphwake amene ankagona pakhomopo, kapena woyandikana naye nyumba. Munthu asakakamizidwe. Alipo mabanja amene sasunga galu chifukwa cha chipembedzo, ena chifukwa cha mantha, ndipo galu woperekedwa mokakamiza amabwerera kudzala mwezi usanathe.

Kusamutsa galu wokalamba kumafuna kudekha. Atengedwe pamodzi ndi chiguduli chimene ankagonera ndi mbale yake, pakuti fungo lozolowera limamkhazika mtima pansi. Dzina lake lisasinthidwe. Masiku oyamba amangidwe ndi chingwe chachitali pamthunzi, madzi ali pambali, ndipo adyetsedwe ndi munthu mmodzi pa nthawi yofanana tsiku lililonse; akatero adzadziwa kumene kwakhala kwao. Akathawira kubwinja lakale asakwapulidwe, koma akatengedwe mofatsa, ngakhale katatu. Nsima yake ifewetsedwe ndi msuzi, minga yolimba ya mlamba ichotsedwe. Ana auzidwe kuti asamdzidzimutse ali m'tulo, chifukwa galu wosamva bwino amaluma ndi mantha. Chiphaso cha katemera, ngati chilipo, chipite kwa mwini watsopano. Ngati chidasowa, mlangizi wa ziweto auzidwe kuti galuyo abayidwenso. Ndipo pakachitika ngozi yoti munthu walumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, wolumidwayo napita kuchipatala tsiku lomwelo.

Ilipo nthawi imene galu wadwala kotero kuti sangadzuke kapena kudya, ndipo kumsunga nkungotalikitsa ululu. Pamenepo woyenera kuweruza ndi wa zaziweto, amene ali ndi njira yothetsera moyo popanda kuzunza. Chizolowezi choika tameki m'nsima, kapena kumangirira galu mwala nkumponya m'madzi, ndi nkhanza imene malamulo oteteza nyama amaletsa. Poizoni woikidwa padzala sasankha: amapha nkhuku, amphaka, ndipo angathe kufika m'kamwa mwa mwana wokwawa.

Mabungwe osamala nyama, monga LSPCA ya ku Lilongwe ndi BSPCA ya ku Blantyre, amathandiza kupezera agalu makomo atsopano, koma ali kutali ndi Kachulu, ndipo msodzi sangalipire galimoto kuti akatule galu kumeneko. Yankho liyenera kuchokera pamudzi pomwepo. Mwinimbumba ndi nyakwawa, poyendetsa mwambo wogawa katundu, aonjezere funso limodzi: nanga galu apita kwa yani? Komiti ya padoko, imene imadziwa mwini wa bwato lililonse, ingathenso kudziwa galu amene watsala yekha. Aphunzitsi ali ndi mwayi woposa onse, popeza ana ndiwo amadziwa galu aliyense m'mudzi ndi dzina lake, ndiwo amapita nawo ku katemera, ndiponso ndiwo amalumidwa. Ngakhale mnyamata amene wangomaliza sukulu, wopanda bwato kapena munda, angathe kuimirira pabwalo nanena kuti galuyo amtenga ndi iye.

Anthu a m'mbali mwa Chilwa amadziwa kudikira. Adaona nyanja ikuphwa, nasunga maukonde awo kufikira madzi atabwerera, chifukwa sataya chinthu chimene chidawadyetsa. Galu wa imvi wogona pansi pa thandala naye adadyetsa banja m'njira yake, ndipo zaka zimene zamtsalira sizipitirira ziwiri kapena zitatu. Kumpatsa khonde, mbale ndi munthu womuitana dzina pa zaka zochepazo ndi gawo la ulemu umene amoyo amapereka kwa malemu, monga kumanga chiliza ndi kulipira ngongole zake za kugolosale. Bwalo logawa chuma lisabalalike galuyo asanatchulidwe.