Tsabola wofota azulidwe lero lomwe

Anzathu a m'kooperativa, lero tikambirane za tsabola, amene enafe timati piripiri. Kuno ku Angónia nyumba zambiri zili ndi mitengo yake iwiri kapena itatu. Ngakhale ndiwo ikhale nkhwani chabe, pakakhala tsabola nsima imatsika. Wotsala timaumitsa n'kugulitsa, tipezeko ya sopo ndi mchere.

Kubzala timadziwa, kuthirira timadziwa. Chimene chimatikanika ndi kuzula tsabola wodwala. Timamumvera chisoni. Ife tikuti chisoni chimenechi n'chimene chikutithera mbewu.

Ifenso tinalakwapo. Kuseri kwa kalasi yathu tinawokera tsabola pa bedi pamene kale panali matimati. Anakula bwino mpaka kuchita maluwa. Tsiku lina masana mtengo umodzi unafota, koma m'mawa tinaupeza uli bwinobwino. Tinati ndi ludzu basi, n'kuthira madzi ambiri. Patapita masiku ochepa unafoteratu, masamba akadali obiriwira. Kenaka unafota woyandikana nawo. Kenaka mzere wonse wakumunsi, kumene madzi ankatsikira. Madzi athu omwewo ndiwo ananyamula matenda!

Matenda amenewa amabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya. Timakhala m'nthaka. Timalowera m'mizu, makamaka muzu ukavulala ndi khasu, n'kukatseka njira za madzi m'kati mwa tsinde. Ndiye ngakhale muthire ndowa 10, mbewuyo siingamwe.

Tingadziwe bwanji kuti si ludzu? Dulani tsinde pafupi ndi nthaka. Viikani kodulako m'tambula ya madzi oyera, osagwedeza. Dikirani pang'ono. Mukaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pa tsindelo, ndi matenda omwewo. Mbewu ya ludzu siitulutsa zimenezi, ndipo mukaithirira imadzuka.

Mayi wina m'kalasi anati, "Koma aphunzitsi, mtengowo uli kale ndi zipatso. Ndizule bwanji?" Zoona amayi, zimawawa. Munausamala kuyambira ku nazale, milungu 6 kapena 8 musanawokere. Koma mtengo umenewo sudzachira. Phulusa siliuchiritsa, mankhwala opopera a m'sitolo nawonso sauchiritsa. Mukausiya, mukulera matenda oti aphe yotsalayo.

Zulani ndi mizu yonse, pamodzi ndi dothi lake. Musataye m'dzenje la manyowa kapena mu ngalande. Kawotcheni kutali ndi dimba. Khasu ndi mpeni mutsuke ndi sopo musanakagwire pa bedi lina. Ndipo khasulo likakhala lobwereka, mutsuke musanabweze, pakuti matenda saona malire a munda wanu ndi wa mnzanu.

Pamalo pamenepo pasabwerenso tsabola kwa zaka 3 kapena kuposerapo. Apa ndi pamene ambiri timagwa. Timati, "Chabwino, ndiikapo matimati." Ayi! Tsabola, matimati, mbatata ya kachewere, mabiringanya ndi fodya ndi a banja limodzi, ndipo matendawa amawagwira onse. Taonani, zambiri mwa izi n'zimene timalima kuno chaka ndi chaka. Ikanipo chimanga, anyezi kapena kabichi.

Nazale yatsopano muike pa malo okwera, posadikha madzi, pamene sipanakhalepo mbewu za banja limeneli. Njere mutenge ku mitengo yamoyo yokha, pa tsabola wopsa bwino, wofiira. Mukatha kuchotsa njerezo, sambani m'manja musanagwire m'maso kapena kunyamula mwana.