Nkhalamba yodziwa ntchito kapena mwana wa dzulo: wojambula agule kamera iti?

Nyengo yokolola ikangodutsa, Loweruka silipita pachabe pa Mponela, Lunzu, Luchenza, Jenda ndi m'misika ina ya m'dziko muno. Kukapanda ukwati ndiye kuti kuli chinkhoswe. Pakati pa nthungululu ndi perekaniperekani pamakhala munthu mmodzi yemwe savina nawo: wojambula zithunzi. Iyeyo akalakwitsa, tsikulo silibwereranso.

Ntchitoyi yasintha. Kale wojambula ankangofunika kamera ya filimu ndi ndalama yokwerera basi kukatsukitsa zithunzi m'tauni. Lero pafupifupi aliyense wobwera ku ukwati ali ndi foni yojambula m'thumba, choncho wofuna kulipidwa ayenera kutulutsa chithunzi chomwe foni singatulutse. Apa mpomwe mabanja ena akumagulitsa soya kapena kutenga ngongole ku banki m'khonde kuti mwana wawo, yemwe adalemba mayeso a MSCE koma ntchito sakuipeza, agule kamera yeniyeni n'kuyamba geni.

Ndalama zikapezeka, funso lomwe limaimika mitu ndi ili: kodi agule kamera yakale ya akatswiri yomwe wina adaigwiritsapo kale ntchito, kapena yatsopano ya m'bokosi koma yopangidwira anthu ongoyamba kumene?

Chomwe chakuza nkhaniyi

Pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi kugwa kwa ndalama ya kwacha. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Makamera sapangidwa m'dziko muno, ndiye chilichonse, kuyambira kamerayo mpaka batire lake, chimatsatira dola. Munthu akaphonya pogula, mwayi wogulanso kachiwiri suoneka msanga.

Chachiwiri chikuchitika kunja. Makampani akuluakulu a ku Japan monga Canon ndi Nikon adatembenukira ku makamera a mtundu watsopano opanda kagalasi m'kati, otchedwa mirrorless. Kumapeto kwa chaka cha 2021, mkulu wa kampani ya Canon, Fujio Mitarai, adauza nyuzipepala ina ya ku Japan kuti EOS-1D X Mark III ndiyo ikhale yomaliza pa makamera ake apamwamba kwambiri a mtundu wakale wa DSLR. Akatswiri a m'maiko olemera akhala akugulitsa zida zawo zakale kuti agule zatsopanozi, ndipo zina mwa zidazi zimafika kuno kudzera mwa abale ndi amalonda ochokera ku Joni, Dubai ndi ku Mangalande. Kaunjika wafika ndi ku makamera komwe.

Makamera awiri pa sikelo

Chitsanzo chabwino ndi makamera awiri a kampani imodzi. Canon EOS 5D Mark II idatuluka m'chaka cha 2008 pa mtengo wa madola 2,699 a dziko la America, popanda lenzi. Idali kamera ya akatswiri enieni. Ndi yomwe Pete Souza adajambulira chithunzi cha boma cha Barack Obama mu January 2009, ndipo kadali koyamba kuti chithunzi chotere cha mtsogoleri wa dziko la America chijambulidwe ndi kamera yosagwiritsa ntchito filimu. Lero mtengo wake pamsika wa zogwiritsidwapo kale ntchito udagwa kwambiri.

Inzake ndi Canon EOS 2000D, yomwe idatuluka patapita zaka khumi, mu 2018, pa mtengo wa madola pafupifupi 550 pamodzi ndi lenzi yake. Idapangidwira munthu yemwe akuchoka pa foni kupita pa kamera. Ndi yopepuka, magalamu 475 okha, pomwe 5D Mark II imapitirira magalamu 800 isanavale lenzi.

Msampha wa ma megapixel

Wogulitsa wochenjera amayambira pa nambala: 2000D ili ndi ma megapixel 24, pomwe nkhalambayo ili ndi 21. Wogula wosadziwa amangoti yatsopano yapambana basi.

Koma masamu ake sakutero. Chithunzi cha mainchesi 4 kwa 6, chomwe anthu ambiri amatsukitsa n'kuika mu alubamu, chimangofuna ma megapixel awiri ndi pang'ono kuti chituluke bwinobwino. Chachikulu ngati pepala la A4, chopachika pabalaza, chimafuna osakwana 9. Makamera onse awiriwa adadutsa kale pamenepo. Kukangana za 21 ndi 24 kuli ngati kukangana za kukula kwa nkhokwe pomwe chimanga chake ndi cha dengu limodzi.

Chomwe chimasiyanitsa kwenikweni ndi kukula kwa sensa, kachipangizo ka m'kati komwe kamalandira kuwala m'malo mwa filimu. Sensa ya 5D Mark II ndi ya mamilimita 36 kwa 24, yofanana ndi filimu yakale ija, pomwe ya 2000D ndi ya mamilimita 22.3 kwa 14.9. Apa ndiye kuti ya nkhalambayo ndi yaikulu kuposa inzake kawiri ndi theka. Sensa yaikulu imakolola kuwala kochuluka, ndipo izi zimathandiza m'tchalitchi momwe mawindo ndi ochepa kapena mu holo madzulo magetsi atazima. Imathandizanso kuti nkhope ya mkwatibwi ioneke bwino pomwe za kumbuyo kwake zazimiririka, zomwe makasitomala amakonda.

Nkhalambayi ilinso ndi thupi lachitsulo lotchingidwa ku fumbi ndi chinyezi, pomwe kunja kwa inzakeyo ndi pulasitiki. Kwa munthu woyenda pa kabaza m'misewu yafumbi mwezi wa October, imeneyi si nkhani yaing'ono. Batire lakenso limakhalitsa: malinga ndi muyeso wa kampaniyo, limajambula zithunzi pafupifupi 850 likakhala latsopano, pomwe la 2000D limathera pa 500.

Chikomekome cha mkuyu

Ngakhale zili choncho, kamera yakale ili ngati galimoto yochokera ku Japan: kunja ikhoza kunyezimira koma chofunika ndi mtunda womwe yayenda. Mtunda wa kamera umawerengedwa pa shutter, kachitseko komwe kamatseguka n'kutsekeka nthawi iliyonse chithunzi chikajambulidwa. Kampani ya Canon idati ka 5D Mark II kadayesedwa kufika maulendo 150,000. Ena amadutsa pamenepo osavuta, ena amafa asanafike, koma nambalayo ndi chenjezo.

Mwachitsanzo, wojambula yemwe amatola zithunzi 500 pa mwambo uliwonse, n'kugwira miyambo 40 pachaka, amatha maulendo 20,000. Akagula kamera yomwe yafika kale pa 120,000, ndiye kuti wagula ya chaka chimodzi ndi theka asanayambe kugona ndi nkhawa. Koma akapeza yomwe ili pa 30,000, wagula ya zaka zisanu ndi chimodzi. Maonekedwe a makamera awiriwa akhoza kukhala amodzimodzi. Pa makamera a Nikon nambalayi imalembedwa m'kati mwa chithunzi chilichonse, pomwe pa a Canon ngati uyu pamafunika kulumikiza kamerayo ku kompyuta yokhala ndi pulogalamu yowerengera. Wogulitsa wokana kuti nambalayi ionedwe wanena kale zambiri.

Pali zinanso. Kamerayi idasiya kupangidwa kalekale, ndipo makampani sasunga zipangizo zokonzera makamera akale mpaka muyaya. Ikafa, nthawi zambiri mankhwala ake ndi kupeza inzake yakufa n'kuchotsako ziwalo. Imagwiritsa ntchito khadi la mtundu wa CF, lomwe sapezeka nalo wamba ogulitsa mafoni pamsika, pomwe la SD, lomwe 2000D imadya, ndi losavuta kupeza. Pomwe khadi la CF limalowa pali timawaya tating'ono tomwe timapindika munthu akalikankha molakwika, ndipo kamodzi kokha kakapindika ntchito yaima.

Ilibenso Wi-Fi, chonsecho makasitomala a masiku ano amafuna chithunzi pa WhatsApp mwambo usanathe. Vutoli limatha ndi kachipangizo kowerengera khadi kolumikiza ku foni, koma nakonso ndi ndalama.

Ndalama zosaoneka

Apa mpomwe mabanja ambiri amapunthwa. Kamera yatsopano imabwera ndi lenzi, batire, tchaja ndi fulashi yaing'ono ya pamutu pake, moti munthu akhoza kuyamba ntchito tsiku lomwelo. Nkhalamba ija nthawi zambiri imagulitsidwa thupi lokha. Ilibe fulashi ngakhale yaing'ono, ndipo batire lobwera nalo likhoza kukhala lotopa kale.

Choopsa china n'chakuti malenzi otsika mtengo a Canon olembedwa EF-S, omwe ndi ochuluka pamsika, salowa pa 5D Mark II. Iyo imafuna olembedwa EF basi. Mwamwayi pali lenzi ya EF 50mm f/1.8, yomwe ndi imodzi mwa zotsika mtengo kwambiri za kampaniyi koma imatulutsa nkhope zooneka bwino ngakhale pamalo a mdima. Lenzi yomweyi imalowanso pa 2000D, ndipo ikavalidwa pamenepo zithunzi zimasintha kwambiri moti kusiyana kwa makamera awiriwa kumachepa. Kunena zoona, chithunzi chimakongola chifukwa cha lenzi, kuwala ndi luso la wojambula kuposa dzina la kamera.

Lenzi yogwiritsidwapo kale ntchito iyenera kuunikidwa ndi tochi. Tizinthu tooneka ngati ulusi wa kangaude m'kati mwa galasi ndi nkhungu, yomwe imamera pa chinyezi, ndipo anthu a m'madera monga Nkhata Bay, Mulanje ndi Thyolo ayenera kusamala nayo kwambiri nthawi ya dzinja.

Nayo yatsopano ili ndi zilema zake. Zambiri mwa 2000D ndi mng'ono wake 4000D zidatuluka zopanda kachitsulo kapakati pamalo pokhazika fulashi yaikulu, zomwe zimachititsa kuti mafulashi ena otsika mtengo a makampani ena asayake. Komanso 2000D ilibe polowetsa maikolofoni, pomwe 5D Mark II ili napo. Kwa wofuna kujambulanso kanema wa ukwati, malumbiro osamveka bwino ndi mlandu.

Nanga za mirrorless?

Wofuna yatsopano ali ndi njira yachitatu. Canon EOS R100, yomwe idatuluka mu 2023, ndi ya oyamba kumene koma ya mtundu watsopano uja. Imatha kupeza yokha diso la munthu n'kulunjika pomwepo, zomwe nkhalamba ya 2008 singachite. Kwa wophunzira, izi zimachepetsa zithunzi zosaoneka bwino pomwe akwati akuvina polowa mu holo.

Vuto lake ndi lakuti makamera a mtunduwu amadya batire msanga, nkhani yosasangalatsa kumadera komwe magetsi amathimathima. Ndiponso malenzi akale a EF salowa pokhapokha patagulidwa kachipangizo kolumikizira.

Tsiku lomwe yafa

Funso lalikulu, lomwe ambiri sadzifunsa, si lakuti ndi kamera iti yomwe ijambule bwino lero, koma kuti chidzachitike n'chiyani tsiku lomwe idzakane kuyaka, mwini ukwati atalipira kale theka la ndalama.

Kamera yatsopano yogulidwa m'sitolo yodziwika imakhala ndi lisiti ndi chikalata cholonjeza kuikonza ikaonongeka, kawirikawiri kwa chaka chimodzi. Wogula akachitiridwa chinyengo ali ndi pokadandaula, monga ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC. Koma chikalatacho chikakhala cha sitolo ya ku Johannesburg, kamerayo iyenera kubwerera komweko, ndipo geni imaima kudikira.

Yogula pamanja ilibe zonsezi. Choncho wogula ayenera kulembetsa pepala lokhala ndi dzina la wogulitsa ndi nambala ya kamerayo, yomwe imakhala kunsi kwake. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu m'dziko muno, ndipo kunena kuti adangogula motchipa sikumasula munthu msanga m'manja mwa apolisi.

Ndiye agule iti?

Yankho lagona pa munthuyo ndi thumba lake. Kwa wojambula yemwe wakhala pantchitoyi, amadziwa kuyendetsa kamera payekha popanda kudalira kuti izidzisankhira zochita, ali ndi ina yoti n'kugwirizira ikafa iyi, ndipo wapatsidwa mpata woiyesa asanalipire, nkhalamba ya mtunda wochepa ndi phindu lenileni. Zithunzi zake za m'tchalitchi ndi za madzulo zikhoza kumukwezera mtengo.

Koma kwa mnyamata kapena mtsikana yemwe akuyamba kumene, mpamba wake ndi wangongole ndipo banja lonse likuyang'ana pa kamera imodziyo, yatsopano ndiyo yosaika moyo pachiswe. Mwina singapose inzake pa kukongola kwa zithunzi, koma mpata woti imugwetse m'mavuto chaka choyamba ndi wochepa.

Onse awiri ali ndi lamulo limodzi: ndalama zonse zisathere pa thupi la kamera. Pazitsala za lenzi yabwino, fulashi, batire lachiwiri ndi makhadi awiri. Wosadziwa za makamera asapite yekha kokagula, atenge wojambula mnzake wodziwa, ngakhale zitatanthauza kumulipirira basi ndi chakudya cha masana. Paja safunsa adadya phula.

Akwati akamadzatsegula alubamu yawo patapita zaka makumi awiri, sadzafunsa kuti kamera idali ya chaka chanji. Adzangofuna kuona nkhope ya agogo omwe adavina tsiku lija.