Bata la ku Lundazi Si Tulo

Kalaliki kapena mphunzitsi akalandira kalata yomtumiza ku Lundazi, anzace a ku Chipata amamgwira dzanja monga acitira ndi munthu wofedwa. Amati, "Pepani, akutayani kuthengo, kumeneko dzuwa likalowa mudzi wonse wafa." Ndipo iye, asanamange n'komwe katundu wace, wayamba kale kuganiza za kalata yopempha kuti amcotseko. Mau otere ndi acipongwe, ndiponso amaononga nchito ya dziko.

Palibe angakane kuti Chipata ndi mzinda wa piringu-piringu. Malo amene kale anali kuchedwa Fort Jameson anakula kufikira analandira ulemu wa mzinda waukuru m'caka ca 2017. Pa msika wa Kapata munthu samva mau a mnzace cifukwa ca kuitana kwa amalonda. Njinga zonyamula anthu zingoti balala m'miseu, ndipo magalimoto a katundu ocokera ku malire a Mwami sapuma usana ndi usiku. Koma munthu akayenda makilomita ngati 180 kulinga kumpoto, nafika pa Boma la Lundazi, apeza zina. Madzulo masitolo atsekedwa msanga, ndipo pa dziwe liri pafupi ndi nyumba ya Castle, imene Bwanamkubwa wa Boma Errol Button anayamba kumangitsa m'caka ca 1948, pamveka acule okha.

Tsono funso ndi ili: kodi phokoso la ku Chipata limadya ciani? Ambiri a matumba a nsawa, a cimanga ndi a thonje amene amalonda alimbirana kumeneko atsika ndi mseu wocokera kumpoto, ndipo analimidwa m'minda ya kwa Mwase, kwa Mphamba ndi kwa Kapichila. Mlimi amene anadzuka tambala woyamba nakagwira khasu kufikira dzuwa litapendeka sangakhale pa khonde la sitolo pakati pa usiku kuti akondweretse mlendo. Iye agona msanga cifukwa watopa ndi nchito, ndipo wakumseka uja mawa adzadya nsima ya ufa wace. Akulu anati cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere: nyali za mzinda ziwala ndithu, koma pansi pace pali lendi ya nyumba, ngongole, ndi anyamata ambiri ophunzira amene angoyenda-yenda osapeza nchito.

Ndiponso onyoza bata aiwala mbiri. M'mwezi wa August 1964, dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu, nkhondo ya pakati pa Boma ndi mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina inafika pa Lundazi. Anthu a mpingowo anagwera Boma usiku, ndipo ambiri anafa pamenepo ndi m'midzi yozungulira. Nkhalamba zimene zinabisala m'thengo masiku amenewo zidziwa mtengo wace wa usiku wopanda mfuu. Kuti lero Atumbuka, Acewa ndi Angoni agula pa msika umodzi, nakwatirana, nagona osachera khutu ku khomo, si cinthu coti mlendo wa dzulo aciseke.

Coipa ceni-ceni ciri apa: wanchito amene ayesa malo ace ndende sagwira nchito ndi mtima wonse. Mphunzitsi wowerenga masiku saphunzira cilankhulo ca ana ace. Namwino woyang'ana ku mseu wa Chipata sadziwa maina a odwala ace. Kalaliki wodandaula asiya mlimi wocokera kutali aime pa zenera tsiku lonse. Pambuyo pace anthu omwewo ndiwo anena kuti Lundazi sapita patsogolo, osaona kuti anambweza ndi iwo eni.

Wofuna phokoso apite kumene liri, pakuti basi icoka m'mawa uli wonse. Koma wotumidwa ku Lundazi amasule katundu wace yense, abzale mtengo wa mango pa khomo, napite kukalonjera mfumu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.