Masewera Amene Amasula Mainjiniya

Wophunzira amene watsiriza maphunziro a uinjiniya amatuluka m'sukulu akudziwa kuwerengera katundu amene mlatho ungasenze. Koma akangoyamba ntchito amapatsidwa kapitawo ndi gulu la amisiri, ndipo funso lomusowetsa tulo silikhalanso la masamu ayi. Limakhala lakuti: ndani achite chiyani, nanga mawu a mmisiri wa pansi afika bwanji kwa wolamula? Mabuku amafotokoza zimenezi ndi chithunzi cha mabokosi ndi mizere. Wophunzira amachiloweza, nachilemba pa mayeso, nachiiwala.

Pali njira ina imene aphunzitsi sayenera kuipeputsa. M'chaka cha 1951 Harold Leavitt anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa sukulu ya MIT ku America, potsatira maganizo a Alex Bavelas. Anthu 5 ankakhala pa tebulo lotchingidwa kuti asaonane. Aliyense ankapatsidwa khadi lokhala ndi zizindikiro 5 mwa zizindikiro 6, ndipo chizindikiro chimodzi chokha ndicho chinali pa makadi onse. Ntchito yawo inali kuchipeza polemberana timakalata basi. Chimene Leavitt ankasintha ndi njira ya timakalatato. M'magulu ena onse ankalembera munthu mmodzi wa pakati, monga masipoko a njinga amakumanira pa habu. M'magulu ena aliyense ankalembera anzake awiri oyandikana naye, uthenga nkumazungulira bwalo.

Gulu la munthu wa pakati linkagwira ntchito ndi timakalata tochepa ndi zolakwa zochepa, koma wosangalala ndi ntchitoyo anali wa pakatiyo. Enawo ankangopereka ndi kudikira. Gulu la bwalo linkalemba zambiri, linkalakwitsa kawirikawiri, linalibe mtsogoleri wodziwika, komatu anthu ake ndiwo ankaikonda ntchito. Patapita zaka zochepa Marvin Shaw anaonetsa kuti funso likakhala lovuta zinthu zimatembenuka: wa pakati uja amathedwa nzeru ndi kuchuluka kwa mauthenga, ndipo magulu opanda wa pakati amachita bwino.

Mphunzitsi aliyense angathe kuchititsa masewerawa, kaya ku MUBAS ku Blantyre, kaya ku sukulu ya ntchito zamanja, kaya m'kalasi ya Fomu 4. Sizilira ndalama. Makatoni akale atchinga, mapepala otsala adulidwa kukhala makadi, kalasi ya ana 60 ipereka magulu 12. Phunziro lenileni limadza pa ulendo wachitatu, pamene funso lakula ndipo timakalata taunjikana pamaso pa wa pakati. Mphunzitsi amulole kusintha malamulo. Ena amakakamirabe chilichonse mpaka nthawi kutha, ndipo kawirikawiri ndi ana anzeru kwambiri amene amatero, chifukwa anazolowera kuti yankho lolondola limachokera m'mutu mwawo. Ena amauza mnzawo kuti atolere mayankho a awiri, koma osamulola kugamula kanthu, ndiye mulu uja umabwerera kwa mwini wake. Ochepa okha ndiwo amapereka ntchito pamodzi ndi mphamvu yogamula, nadzisungira udindo woyankha zikalakwika. Kusiyana kwa magulu atatuwa ana amakuona ndi maso awo.

Otsutsa adzati masewera ndi a ana a mkaka, ndipo silabasi ndi yaitali. Pa mfundo imodzi akunena zoona: masewera ongothera m'phwete ndi kutaya nthawi. Mphunzitsi asunge theka la phunziro kuti afunse amene anali m'mphepete mmene anamvera pamene kalata yawo sinayankhidwe, ndiponso chifukwa chimene ena analekera kulemba ngakhale anaona cholakwa.

Funso lomalizali ndi lolemera. Usiku wa pa 27 January 1986 mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol, pakati pawo Roger Boisjoly, anachenjeza kuti mphira zotsekera molumikizira maroketi a chombo cha Challenger sizikanagwira bwino m'nyengo yozizira. Akuluakulu a kampaniyo anakambirana, nasintha maganizo, navomereza ulendowo. M'mawa mwake chombocho chinaphwasuka patangopita masekondi 73, ndipo anthu 7 anafa, mmodzi mwa iwo mphunzitsi Christa McAuliffe. Bungwe lofufuza la Rogers linapeza kuti nkhawa za mainjiniyawo sizinafike kwa akuluakulu a NASA amene anali ndi mawu otsiriza. Masamu a mainjiniya aja anali olondola. Chimene chinalephera ndi njira ya uthenga.

Alembi a silabasi apatule maola angapo a masewera otere m'chaka choyamba cha uinjiniya, ndipo aphunzitsi a ku sekondale asadikire kalata yochokera ku likulu kuti ayambe kudula makatoni.