Opaleshoni yodula chifu: ntchito yaikulu imayamba wodwala akatuluka m'chipatala

Mu Disembala 2025, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa koyamba malangizo a momwe mankhwala obaya ochepetsa thupi, monga Wegovy ndi Mounjaro, angagwiritsidwire ntchito. M'malangizowo bungweli lidatsindika kuti kunenepa kopyola muyeso ndi matenda okhalitsa, ofuna chisamaliro cha moyo wonse. Mfundo imeneyi ikukhudzanso njira ina imene anthu ambiri akuthamangira masiku ano, makamaka amene ali ndi ndalama zokwerera ndege: opaleshoni yodula chifu, imene madokotala amaitcha sleeve gastrectomy.

Otsatsa opaleshoniyi pa Facebook, Instagram ndi TikTok amaonetsa zithunzi ziwiri, cha munthu asanachitidwe ndi cha munthu yemweyo ataonda. Amatchula mtengo, hotela ndi galimoto yodzamtenga kubwalo la ndege. Za mmene munthuyo adzadyere zaka makumi atatu zotsatira sanena zambiri, chonsecho kumeneko ndiko kwagona kupambana kapena kulephera kwa opaleshoni yonseyo.

Vuto la kunenepa lakula

Malinga ndi WHO, mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu asanu ndi atatu alionse padziko lapansi adali wonenepa kopyola muyeso, ndipo pakati pa akuluakulu chiwerengerochi chidaposa kuwirikiza kawiri kuyerekeza ndi 1990. Dziko la Malawi, limene kwa zaka zambiri lakhala likulimbana ndi kunyentchera kwa ana, nalo lalowa m'gulumo. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali olemera kuposa muyeso woyenera, ndipo m'matauni adali 36 mwa 100 alionse. Kunenepa kotere kumabwera ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kupweteka kwa mawondo ndi kubanika kutulo.

Opaleshoni si ya aliyense wofuna kuchepetsa mimba. Madokotala amagwiritsa ntchito muyeso wa BMI, umene umayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Mu 2022 mabungwe awiri a madokotala a opaleshoni zoterezi, ASMBS la ku America ndi IFSO la maiko onse, adagwirizana kuti opaleshoni iganiziridwe kwa munthu wa BMI ya 35 kupita m'mwamba, kapena ya 30 mpaka 34.9 ngati ali ndi matenda monga a shuga. Munthu wamtali mamita 1.6 amafika pa BMI ya 35 akamalemera makilogalamu pafupifupi 90.

Pa opaleshoniyo dokotala amaboola timabowo ting'onoting'ono pamimba, n'kudula ndi kuchotsa magawo 75 mpaka 80 mwa magawo 100 a chifu. Chotsala chimakhala chopyapyala ngati nthochi, ndipo poyamba chimangolandira mamililita 100 mpaka 150, pafupifupi theka la kapu ya tiyi. Gawo lochotsedwalo ndi limenenso limapanga ghrelin wambiri, chinthu cha m'thupi chimene chimadzutsa njala, choncho munthu amakhuta msanga komanso samva njala ngati kale. Ambiri amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo m'chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo kwa ochuluka matenda a shuga amachepa mphamvu. Koma chifu chikachotsedwa sichibwezeretsedwa.

Masabata oyamba

Mzere umene chifu chalumikizidwa umafuna nthawi kuti upole, n'chifukwa chake kudya kumabwerera pang'onopang'ono. Zipatala zimasiyana pang'ono pa masiku, koma dongosolo lake ndi limodzi. Sabata imodzi kapena ziwiri zoyamba ndi za zamadzimadzi zokha: madzi, mkaka, msuzi wosefa. Kenaka pamabwera masabata awiri a chakudya chopera kapena chopota mosalala ngati phala la mwana wakhanda. Zikatero munthu amayamba zofewa monga dzira, nsomba yophika bwino ndi nyemba zopota. Chakudya cholimba chimayamba pakatha masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu.

Kudumpha gawo lililonse la dongosololi kungabweretse kusanza ndi kupweteka, komanso kumaika pachiswe mzere umene sunapole. Choopsa kwambiri m'masabata amenewa ndi kudontha kwa chifu pamzerewo, kumene kumagwera munthu mmodzi kapena awiri mwa 100 alionse. Zizindikiro zake ndi mtima kugunda mothamanga kwambiri, kutentha thupi, kupweteka m'mimba kapena paphewa lakumanzere ndi kupuma movutikira. Izi zikaoneka, malo ake ndi kuchipatala nthawi yomweyo. Chiopsezo china ndi kuundana kwa magazi m'misempha ya m'miyendo, kumene kumakula munthu akakhala nthawi yaitali osayenda, monga zimakhalira m'ndege.

Apa mpamene pagona nkhawa ya opita kunja. Mu 2023 BBC idaulula kuti anthu asanu ndi awiri a ku Britain adamwalira kuchokera mu 2019 atachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi ku Turkey, dziko limene limakopa anthu ambiri kaamba ka mitengo yotsika. Ku Britain komweko, wochitidwa opaleshoniyi m'zipatala za boma amayenera kuonedwa ndi akatswiri ake kwa zaka ziwiri, kenaka n'kumayezedwa chaka chilichonse moyo wake wonse. Wogula opaleshoni ya masiku ochepa kunja kawirikawiri amabwerera kwawo opanda dongosolo lotere. Mmalawi amene akulingalira zopita ku South Africa, India kapena Turkey, kaya achokera ku Blantyre kaya ku Manchester, ali ndi funso lofanana: akabwerako adzamuyeza ndani?

Mbale yatsopano

Pa tebulo la Amalawi chakudya ndi nsima, ndipo ndiwo zimangoperekeza. Munthu amene wadya mpunga kapena mbatata masana amatha kunena kuti sanadye. Kwa wodulidwa chifu dongosolo limeneli limatembenuka. Malo m'chifu ndi ochepa, choncho choyamba kulowa chiyenera kukhala chakudya chomanga thupi, chachiwiri ndiwo zamasamba, ndipo nsima imabwera pomaliza ngati malo atsala. Mbamu ziwiri kapena zitatu zokha zikhoza kudzaza chifu chonse, osasiya malo a chakudya chimene minofu ikufuna.

Akatswiri amalangiza kuti munthu wotere azipeza magalamu osachepera 60 a mapuloteni patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka ili ndi 8, ndipo magalamu 100 a nsomba yophika ali ndi pafupifupi 20. Mwayi ulipo chifukwa zakudya zotere zili pamsika uliwonse: usipa, matemba, chambo, nkhuku, mazira, nyemba, nandolo, soya, chambiko ndi nsinjiro. Wolephera kufika pamuyesowu amataya minofu pamodzi ndi mafuta, amafooka, ndipo tsitsi, limene limathothoka mwa ambiri pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, limathothoka moposerapo.

Kadyedwe nako kamasintha. Chakudya chimatengedwa pang'ono, chimatafunidwa mpaka kusalala, ndipo mbale yaing'ono imatenga mphindi 20 mpaka 30. Munthu akangomva kukhuta amaleka, ngakhale mbale isanathe. Madzi samwedwa pamodzi ndi chakudya; pamafunika kudikira pafupifupi theka la ola atadya. Komabe thupi limafuna lita imodzi ndi theka kapena malita awiri patsiku, ndipo popeza sangagugudize kapu yonse nthawi imodzi, ayenera kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Kusowa madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene anthu amabwerera kuchipatala atachitidwa opaleshoniyi, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuchigwa cha Shire kapena m'mphepete mwa nyanja kumakulitsa chiopsezocho.

Zakumwa za gasi zimadzaza chifu ndi mpweya ndipo zimapweteka. Zakumwa zotsekemera, thobwa la shuga wambiri, tiyi wothira masupuni atatu a shuga ndi zina zotere zimadutsa m'chifu chaching'onocho mosavuta koma zimabweza mafuta onse amene opaleshoni idachotsa. Chimodzimodzi tchipisi, mandasi ndi mabisiketi odyedwa pafupipafupi. Iyi ndiyo njira imene ambiri amayambira kunenepanso pakatha zaka ziwiri kapena kuposerapo, pamene njala yayamba kubwerera ndipo chifu chafutukuka pang'ono.

Mowa uli ndi vuto lakelake. Ukatha kudulidwa chifu umalowa m'magazi msanga kuposa kale, moti mowa wochepa ukhoza kuledzeretsa munthu amene kale ankamwa wochulukirapo. Madokotala amalangiza kuusiya kwa miyezi yambiri yoyamba, ndipo amachenjeza kuti ena amagwa m'chizolowezi cha uchidakwa pambuyo pa opaleshoni zochepetsa thupi. Fodya amachedwetsa kupola kwa bala ndipo amayambitsa zilonda m'chifu.

Mapilitsi a moyo wonse

Chifu sichingosunga chakudya. Chimapanganso asidi ndi zinthu zina zothandiza thupi kuyamwa vitamini B12 ndi ayironi. Chikachepa, komanso chakudya chikachepa, thupi limayamba kuperewera. Pachifukwa ichi wodulidwa chifu amayenera kumwa mapilitsi a mavitamini tsiku lililonse moyo wake wonse, kuphatikizapo ayironi, kashiyamu ndi vitamini D monga dokotala angalembere. Ku Britain ambiri amabayidwa jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse. Magazi amayezedwa pakatha miyezi itatu, isanu ndi umodzi ndi 12, kenaka chaka chilichonse.

Kuperewera kumeneku kumabwera mwakachetechete. Kusowa kwa B12 kumachititsa dzanzi m'mapazi ndi m'manja, ndipo kukachedwa kuthandizidwa kumawononga mitsempha mosabwezeka. Munthu amene akusanza masiku ambiri motsatizana akhoza kusowa vitamini B1 m'masabata ochepa, zimene zimasokoneza ubongo, maso ndi kayendedwe. Kwa amayi a m'dziko muno nkhani ya ayironi ndi yaikulu, chifukwa kafukufuku yemwe uja wa 2015-16 adapeza kuti mmodzi mwa amayi atatu alionse a msinkhu wobereka adali kale ndi vuto la kuchepa kwa magazi.

Amayi amalangizidwanso kuti asatenge pakati kwa miyezi 12 mpaka 18, nthawi imene thupi likutsika mofulumira ndipo mwana m'mimba sangapeze zomukwanira. Chenjezoli ndi lofunika chifukwa thupi likatsika, mayi amene ankavutika kuima amatha kuima mosayembekezera. Mankhwala opha ululu a gulu la Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene anthu amagula mosavuta, amapsereza chifu ndipo ayenera kupewedwa pokhapokha dokotala atalola. Womwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi amafunika kuunikidwanso msanga, popeza mlingo wakale ukhoza kutsitsa shuga kapena magazi mopitirira. Womwa ma ARV ayenera kudziwitsa dokotala wake opaleshoni isanachitike. Wofuna kusala kudya, kaya pa Ramadan kaya pa mapemphero a kutchalitchi, ayambe wafunsa kuchipatala, makamaka m'chaka choyamba.

Mavuto ena awiri amadziwika bwino. Chilungulira chimayamba kapena kukula mwa anthu ambiri odulidwa chifu, ndipo ena amafika pochitidwa opaleshoni yachiwiri. Kutsika thupi mofulumira kumayambitsanso timiyala m'ndulu. Kuyenda kumayamba tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo bala likapola munthu amayenera kufika pa mphindi 150 za masewero olimbitsa thupi pa sabata, kuphatikizapo olimbitsa minofu.

Chimene anthu adzanene

Pali mbali ina imene timabuku ta zipatala za ku Istanbul sitingalembe. Kwa Amalawi ambiri thupi lalikulu ndi chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda, ndipo mkazi akanenepa amati mwamuna akumusamala. Munthu akaonda mwadzidzidzi manong'onong'o amayamba, chifukwa zaka za mliri wa Edzi zidasiya chizolowezi choganizira zoipa. Kusiya nsima m'mbale kwa apongozi, paukwati kapena pamaliro kumaoneka ngati mwano kapena kunyada. Wodulidwa chifu amene wabisa nkhani yake amakakamizika kudya kuti asakhumudwitse eni khomo, ndipo mbewa ya manyazi idafera kuuna. Achibale apafupi, makamaka amene amaphika, ayenera kudziwa chimene chachitika ndi chimene mbale yake iyenera kukhala.

Kwa munthu wonenepa kwambiri amene matenda a shuga akumuwononga impso ndi maso, opaleshoniyi ndi chithandizo chenicheni, ndipo m'zipatala zodziwa ntchito imfa zochokera ku opaleshoniyo ndi zochepa kwambiri. Mankhwala obaya aja nawo si njira yachidule: kafukufuku adaonetsa kuti osiya semaglutide adabweza magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene adataya m'chaka chimodzi chokha. Njira zonse ziwirizi zimafuna chisamaliro chosatha.

Choncho mtengo umene otsatsa amatchula ndi gawo chabe la ndalama zonse. Pamwamba pake pali mapilitsi a mwezi ndi mwezi, kuyezetsa magazi chaka ndi chaka, nsomba ndi mazira tsiku ndi tsiku, komanso ndalama zapadera ngati china chake chalakwika. Asanagule tikiti ya ndege, munthu ayenera kukhala atapeza dokotala wa kwawo amene wavomera kumamuona, katswiri wa kadyedwe womuthandiza kukonza mbale yake ndi zakudya za pamsika wa kwawo, labotale yotha kuyeza B12 ndi ayironi, ndi lonjezo lakuti chipatala chomuchita opaleshoni chidzamupatsa lipoti lolemba la zonse zimene chachita. Chimodzi mwa izi chikasowa, ulendowo uyenera kudikira.