Nambala yakumsana yasanduka nkhani ku America

Munthu wosadziwa akhoza kumadabwa kuti anthu akuluakulu angamakangane bwanji pa nambala yolembedwa kumsana kwa jezi. Koma m'sukulu zaukachenjede za dziko la America nkhaniyi ndi yaikulu, ndipo chaka chilichonse ligi ikamayandikira kuyamba ochemerera amafuna kudziwa kuti ndani wasintha nambala, nanga chifukwa chiyani.

Mpira tikunena pano si wamiyendo womwe tinauzolowera ayi. Uwu ndi uja wooneka ngati dzira, womwe osewera amathamanga nawo m'manja atavala zipewa zolimba. Timu imodzi yapasukulu imakhala ndi anyamata oposa 100, pomwe nambala zololedwa ndi 0 mpaka 99 basi. Choncho anyamata awiri amatha kugawana nambala imodzi, bola asalowe m'bwalo nthawi imodzi. Lamulo limatinso zimphona zomwe zimatchingira kutsogolo timu ikakhala ndi mpira zizivala pakati pa 50 ndi 79, kotero wosintha malo osewera nthawi zina amayenera kusinthanso jezi.

Koma gwero lenileni la mkangano ndi mwambo. M'sukulu zambiri nambala imakhala ngati dzina laufumu: mwini wake akachoka, wina woyenera amalowa.

Ku Syracuse, nambala 44 adaivalapo Jim Brown, kenako Ernie Davis, yemwe mu 1961 adakhala munthu wakuda woyamba kulandira mphoto ya Heisman, ya wosewera wopambana onse m'sukuluzi. Davis adamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 1963 ali ndi zaka 23 zokha. Floyd Little adaivala pambuyo pake, ndipo mu 2005 sukuluyi idaipumitsa nambalayo.

Ku LSU adasankha njira ina. Matt Mauck, yemwe adatsogolera timuyi kukhala akatswiri a dziko lonse mu 2003, adasiyira Jacob Hester nambala 18. Kuchokera apo, 18 imapatsidwa kwa mnyamata wakhalidwe komanso wodzipereka, osati wodziwa mpira chabe. Wosankhidwayo amavula nambala yake yakale mosanyinyirika.

Nako ku Ole Miss, 38 imakumbutsa Chucky Mullins, yemwe adathyoka khosi m'bwalo mu 1989 n'kumwalira mu 1991. Wotchinga kumbuyo yemwe waonetsa kulimba mtima ndiye amaivala. Ngakhale nambala 0, yomwe idaloledwa mu 2020, idapeza mwambo msanga: Ohio State imaipereka pokumbukira Bill Willis, mmodzi mwa anthu akuda omwe mu 1946 adatsegula khomo la mpira wolipidwa lomwe tsankho lidatseka.

Nanga vuto labwera pati? Miyambo yonseyi idamangidwa nthawi yomwe mnyamata ankakhala pasukulu imodzi zaka zinayi, akuluakulu n'kumamuona mmene akukulira. Lero zinthu zasintha. Kuyambira mu 2021 osewerawa amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina komanso chithunzi chawo, ndipo kusamuka sukulu kudaphweka. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Katswiri akamanyengereredwa kuti abwere, nambala nayo imalowa m'zokambirana, poti ndiyo chizindikiro chomwe amadziwika nacho pamalonda.

Tidaziona mu 2022 pomwe Jordan Addison adachoka ku Pittsburgh kupita ku USC. Nambala 3 yomwe ankavala idali yopumitsidwa kumeneko polemekeza Carson Palmer, koma Palmer adavomera kuti mlendoyo aivale. Mu April 2025, Colorado idapumitsa 12 ya Travis Hunter ndi 2 ya Shedeur Sanders, mwana wa mphunzitsi wa timuyo Deion Sanders, onse atangosewerako zaka ziwiri. Za Hunter zidamvekako poti adalandira Heisman mu 2024, koma osewera ena akale adadandaula kuti sukuluyi yathamangira, n'kulumpha anzawo omwe adaibweretsera ulemu kalekale.

Komabe tisafulumire kuloza chala anyamatawa. Kwa zaka zambiri masukulu ndiwo ankagulitsa majezi okhala ndi nambala za akatswiri, eni ake osaonapo kanthu. Masukuluwo nawo adasewerapo ndi mwambo: Michigan idatulutsa nambala zopumitsidwa, Devin Gardner n'kusiya 12 kutenga 98 ya Tom Harmon mu 2013, koma pofika 2015 ndondomekoyo idathetsedwa.

Chikuoneka apa n'choti mwambo womwe ukulimba ndi uja nambala imaperekedwa chifukwa cha ntchito yomwe osewera anzake aiona ndi maso, monga ku LSU ndi ku Ole Miss. Nambala yoperekedwa ngati nyambo yokopera katswiri imatha ulemu katswiriyo akangonyamula chikwama. Makochi ndiwo ali ndi udindo wosankha: kodi 18 kapena 38 ikhalabe mphoto ya thukuta, kapena idzalowa nayo pamsika?