Ndemanga: Laser ikamapala diso, imalunjika pati?

Ndemanga yathu lero ikukhudza anthu amene amaona bwino zapafupi koma zapatali zimawaonekera mwachimbuuzi, makamaka iwo amene akusonkha ndalama kuti akachitidwe opaleshoni ya laser ku India kapena ku South Africa, n'cholinga choti asiyane ndi magalasi.

Diso la munthu wamkulu limatalika mamilimita pafupifupi 24 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Likapitirira ndi milimita imodzi yokha, kuwala kumakumana kusanafike pa retina, kansalu kolandira zithunzi mkati mwa diso, ndipo mwini wake amafunika magalasi a mphamvu yoyandikira -3. Laser siifupikitsa disolo ayi. Imapala cornea, kachikopa koonekera mkati kamene kali kutsogolo kwa diso, kokhuthala theka la milimita basi, kuti pakati pake paphwatalale pang'ono. Stephen Trokel wa ku New York adayesa zimenezi pa maso a ng'ombe mu 1983, Marguerite McDonald adazichita pa diso la munthu woona ku New Orleans mu 1988, ndipo cha mu 1990 Ioannis Pallikaris wa ku Crete adabweretsa njira yotchuka ya LASIK.

Mmisiri wosema mtondo akayamba kukumba chapambali, ngakhale nsompho yake ithwe bwanji, mtondowo umatuluka wopendekera. Dokotala wa maso naye ayenera kupeza pakati asanayambe kupala. Vuto lake n'lakuti diso lili ndi mizere ingapo imene siikumana pamodzi. Pali mzere wodutsa pakati pa mwanadiso, kabowo kakuda kaja. Palinso mzere woonera, wochokera pa chinthu chimene mukuyang'ana kukafika pa fovea, kadontho ka pa retina kamene kamaona bwino koposa. Fovea siili kumbuyo kwenikweni kwa mwanadiso, idasendera pang'ono kumbali ya khutu. Kupatukana kwa mizere iwiriyi madokotala amakutcha angle kappa.

Mukhoza kudzionera nokha. Muuzeni mnzanu ayang'anitsitse kuwala kwa tochi yaing'ono, inu mutaima kumbuyo kwa tochiyo. Kadontho kowala kamene kaoneke pa diso lake, kwa anthu ambiri, sikakhala pakati penipeni pa mwanadiso koma chakumphuno pang'ono.

Anthu osaona patali ali ndi mwayi, chifukwa kwa ambiri mwa iwo kupatukanaku n'kochepa poyerekeza ndi amene amavutika kuona pafupi. Ndipo opaleshoni siisuntha fovea kapena mwanadiso, zonse zimatsala pomwe zinali. Chimene chimasintha ndi maumbidwe a cornea imene mizereyo imadutsapo. N'chifukwa chake akatswiri akhala akutsutsana: ena amalunjikitsa laser pakati pa mwanadiso, ena pa kadontho kowala kaja, enanso pakati pa ziwirizi.

Tsono diso silikhala phee. Mwanadiso akamakula mumdima, pakati pake pamasuntha. Munthu akagona chagada, diso limatembenuka pang'ono, kawirikawiri ndi madigiri ochepa, koma kwa ena kupitirira 10. Kwa munthu amene alinso ndi astigmatism, amene cornea yake idapindika kwambiri mbali imodzi kuposa inzake, izi si zamasewera. Laser ikaphonya ndi madigiri 10, gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene imafuna kukonza pa astigmatism limatayika. Ikaphonya ndi 30, palibe chimene chakonzeka pa astigmatism.

Pa tsikulo wodwala amagona pabedi, amamudontheza mankhwala ochititsa dzanzi, kachitsulo kamatsegula zikope, ndipo amauzidwa kuti asachotse diso pa kanyali kothwanima. Amamva kafungo ka tsitsi lowauka, ndipo miniti isanakwane laser yamaliza. Makina amakono ali ndi kamera yotsata diso kambirimbiri pa sekondi, ndipo ena amazindikira timizere ta mbali yamtundu ya diso kuti adziwe ngati latembenuka. Zimenezi zathandiza kwambiri, ndipo odwala ambiri amatuluka okhutira.

Koma amene laser idamuphonya amasauka mwakachetechete. Masana akhoza kuwerenga zilembo zonse pa tchati cha dokotala, n'kuuzidwa kuti zonse zili bwino. Kukada, mwanadiso akakula, nyali iliyonse ya galimoto imatulutsa mchira, zilembo zimakhala ndi mthunzi, ngakhale atatseka diso linalo. Kwa dalaivala woyenda usiku, ntchito yathera pomwepo. Kukonzanso n'kotheka nthawi zina, koma kumafuna kupalanso cornea, ndipo mnofu umene udachotsedwa sumeranso.

Ife tikuona kuti otsatsa malonda amalakwa akamanyadira kufulumira kwa laser. Ntchito yeniyeni ili pa tsiku lopima. Wopita kunja asalole kupimidwa mothamanga pofuna kusunga tsiku la ndege. Afunse ngati ajambula mapu a cornea yake, ngati ayeza mwanadiso mumdima, ndiponso kuti laser ailunjikitsa pati. Amene amavala ma contact lens awavule masiku amene dokotala wanena asanapimidwe, chifukwa amasintha maumbidwe a cornea. Ndipo amene diso lake limodzi limapatuka akatopa, kapena magalasi ake ali ndi prism, anene poyera, pakuti magalasi ena amathandiza maso awiri kuyang'ana pamodzi, ndipo akachoka munthu akhoza kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, diso likadali lalitali monga kale, ndipo retina yake ikadali yokokeka ndi yopyapyala. Wataya magalasi apitirize kukapimitsa maso. Akayamba kuona kung'anima, timadontho takuda tambiri tobwera mwadzidzidzi, kapena mdima wotseka mbali imodzi ya diso, apite kuchipatala tsiku lomwelo.